Galu Amene Ndinalandira Pamanda

Galuyo sindinamupemphe, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke poyambirira, ngakhale sizindichotsera mlandu. Anachita kundipatsa pamwamba pa manda, mudzi wonse ukuona.

Amene tinkaika m'manda tsikulo anali a Gherasim, mbusa wa nkhosa kuyambira ali mnyamata mpaka m'mawa umene mtima wawo unaima atatsamira mpanda wa khola. Iwo ndi akazi awo, a Paraschiva, ndi amene anatigwirira makandulo pa ukwati wathu, ine ndi Sanda, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, n'kudzanyamulanso mwana wathu pa ubatizo. Munthu wotere sumutchula dzina ndiponso sumubwezera mawu. Mayiwo ine ndimangowaitana kuti a nasha, dzina laulemu la wokugwirira makandulo, ndipo akandituma ndimathamanga ngakhale imvi zandiyamba kale.

Bokosi litatsitsidwa, ansembe atathira vinyo ndi mafuta, inafika nthawi ya pomana, yopereka zinthu m'dzina la malemu kuti akazipeze kumene akupita. Okumba manda analandira matawulo, buledi ndi makandulo. Kenako tonse tinkayembekezera nkhuku yakuda, ija amaidutsitsa pamwamba pa dzenje wina n'kuilandira mbali inayo. A nasha anatembenuka, koma m'manja mwawo munalibe nkhuku. Munali chingwe, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali Corbu, galu wa nkhosa wa malemu, wakuda bii, chimutu ngati mwana wa ng'ombe.

"Nkhuku a Gherasim akatani nayo?" anatero a nasha mokweza kuti ansembe amve. "Moyo wawo wonse nkhuku ankangozipirikitsa pakhonde. Kumeneko akufuna galu wawo. Tavi, ima mbali iyo."

Ndinaponya maso kwa Sanda. Sanda anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pa nsapato zake. Galu wolemera choncho sanganyamulidwe, ndiye anangodutsitsa chingwe chokha pamwamba pa dzenje, galuyo n'kuzungulira kumutu kwa manda. Chingwe chinafika m'manja mwanga chili chonyowa ndi thukuta la a nasha. Anthu onse ankadikira kuti ndinene liwu limodzi lovomera.

"Bogdaproste," ndinatero.

Ukanena liwu limeneli ndiye kuti walandira, ndipo zatha. Chopatsidwa pa pomana sichikanidwa, sichibwerera pakhomo pamene chachokera, ndipo ukamachisunga bwino kuno, malemu amakhala nacho kumeneko. Izi ndinkazidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Sindingati ndinapusitsidwa.

Ife timakhala m'tauni, ku Râmnicu Vâlcea, m'nyumba yosanja, zipinda ziwiri pansanjika yachinayi, ndipo chikepe kulibe. Corbu anali asanakwerepo masitepe chibadwire. Tsiku loyamba ndinachita kumukankha kumatako, Sanda akukoka kutsogolo, anthu akusuzumira pazitseko ngati tikukweza kabati.

Ine ndimayendetsa basi ya m'tauni ndipo Sanda amasoka nsapato kufakitale, choncho masana onse pakhomo sipakhala munthu. Tikangotseka chitseko galuyo ankayamba kulira. Osati kuuwa ayi, kulira kokoka, kwa galu amene akuitana munthu ali paphiri lina. Anatafuna chitseko cha kukhonde mpaka kunja kuonekera. Anakodzera kapeti imene Sanda anapatsidwa ndi mayi ake. Potuluka naye panja ana ankathawa, tiagalu ta azimayi a pansanjika yoyamba tinkakomoka ndi mantha, pamene iye sankatiyang'ana n'komwe.

Sabata yachitatu kunabwera a Zamfirescu, wapampando wa komiti ya nyumba yathu, munthu wopuma pantchito amene tsopano ntchito yake ndi kumvetsera mapazi a anthu pamasitepe. Anali ndi pepala losainidwa ndi mabanja khumi ndi limodzi.

"Bambo Octavian, ifenso ndi anthu, za maliro timazimvetsa," anatero, akunditchula dzina langa lonse. "Koma pano si kuphiri. Mkazi wanga akumwa mapiritsi a mutu ngati akukukuta mtedza."

Kenako Sanda anayamba kutsokomola, maso kufiira, ndipo dokotala anati ndi ubweya. Iye sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

"Ine sindikuuza chochita," anatero akutsuka mbale, atandifulatira. "A nasha ndi a tonse awiri, koma bogdaproste unanena ndiwe."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima chifukwa anali oona. Ndinayesa ndithu. Ndinafunsa mnzanga wina amene ali ndi galaja, iye anati akufuna galu wolusa wa mano onse, osati nkhalamba yoganiza maliro. Kumudzi kunali anthu a nkhosa amene mwina akanamulandira, koma kumudzi kwathu ukayetsemula kumtunda amakufunira moyo kumunsi. Dzuwa lisanalowe aliyense akanadziwa kuti Tavi wa m'tauni walephera kusunga pomana ya a Gherasim mwezi umodzi wokha. Zimenezo sindikanatha kuzipirira.

Choncho zifukwa ndinali nazo, ndipo zonse zinali zoona. Koma pali china chimene sindinauzepo munthu: galuyo anandikwana. Ndikafika kuchokera kuntchito ankadzuka, n'kusuzumira kumbuyo kwanga kuona ngati pamasitepe pakubwera wina. Akaona kuti ndine ndekha, ankabwerera kukagona osagwedeza ngakhale mchira. Ine amene ndinkamukolopera mikodzo! Masabata asanu ndi awiri a zimenezo anandifika pakhosi.

Kunja kwa tauni, kuseri kwa fakitale yakale ya njerwa, kuli khola la agalu osowa eni. Ndinapitako Lachiwiri lina pakati pa Novembala, kukuwaza mvula. Sanda ndinamuuza kuti ndikupita naye kwa dokotala wa ziweto, iye n'kuvomera msanga kwambiri.

Pageti ndinapeza mtsikana atanyamula kagalu koyera ndi kadengu kake kogonamo. Anali kupita ku Italy kukagwira ntchito yosamala okalamba, ndipo ankalira mamina ali chuchuchu, akufotokoza kuti kagaluko sikadya chiwindi, kamaopa mabingu, kamakonda kukandidwa kuseri kwa khutu lamanzere. Amene ankamumvetsera, n'kumalemba zonse m'buku, anali mayi wojintcha wovala majombo a mphira ndi jekete la mwamuna. Ameneyo ndiye Rodica, woyang'anira malowo. Mumtima ndinamuseka mtsikanayo kuti akudziyalutsa. Atachoka ndinazindikira kuti ndikumusirira.

"Nanga chimphona ichi?" anafunsa Rodica.

"Ndamutola pamsewu. Cha kumlatho uko."

"Mwamutola."

Anayang'ana galu, anayang'ana ine. Corbu, amene masabata onse aja sanandisamale, tsikulo anasankha kukhala pa phazi langa n'kutsamira mwendo wanga ndi thupi lake lonse. Rodica anamuyendetsa kamakina pakhosi kufufuza ngati ali ndi kachizindikiro ka mwini wake pansi pa khungu. Kamakinako sikanalire. A Gherasim sanali munthu wobayitsa galu zinthu zamakono.

"Ndiye dzina simukulidziwa."

"Ndingalidziwe bwanji, mayi?"

"Tauni ino ili ndi anthu achifundo, ndikukuuzani," anatero akulemba. "Sabata yathayi anditolera agalu asanu ndi anayi. Wina anatoledwa ndi bulangeti lake lomwe, ndi mankhwala a m'maso m'thumba. Bola amene amangonena poyera: tikusamuka, kwabadwa mwana, mwini nyumba wakana, bambo agonekedwa kuchipatala, banja latha ndipo aliyense sakumufuna, wakalamba akukodza m'nyumba. Ndamva zonse, ine si wansembe, sindiweruza munthu. Ndimangofuna dzina ndi zaka, galu asamayambe moyo ngati wagwa ndi mvula."

Anaimitsa cholembera, kundipatsa mpata. Ine ndinayang'ana denga la fakitale ya njerwa.

"Chabwino. Akhala Lachiwiri, poti ndi lero. Ndili nawo kale a Lachiwiri atatu."

Anamutenga n'kulowa naye m'kanjira ka pakati pa zipinda za mawaya, agalu mazana akuuwa mbali zonse. Corbu sanalire, sanakoke chingwe, sanacheuke. Zimenezo zinandipweteka, ndipo ndinachita manyazi kuti munthu ngati ine ndingapwetekedwe nazo. Nditafika kunyumba Sanda anandiyang'ana m'manja, n'kupita kukatenga tsache kuyamba kusesa ubweya.

Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ndimawaimbira foni a nasha. Lamlungu limenelo funso lawo loyamba linali la galu.

"Ali bwino, a nasha. Akudya."

Ndinkaganiza kuti mawu awiriwo akwanira mpaka kalekale. Koma bodza limamva njala, limafuna kudyetsedwa sabata iliyonse. Pofika Khirisimasi, Corbu anali atanenepa, ataphunzira kugona pafupi ndi paipi yotenthetsa nyumba, ndiponso ataba soseji patebulo Sanda atangotembenuka. Pofika Isitala ankazindikira kulira kwa basi yanga pakati pa mabasi onse, n'kumandidikira pakhonde miyendo ili pampanda. Ndinafika pomupalanitsa ubwenzi ndi a Zamfirescu. A nasha ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumati, "Bwerezanso ija ya soseji, ndiigwire bwino." Ine ndinkabwereza, n'kuwonjezera mchere. Ndinali ndi luso, ndisabise, ndipo nthawi zina ndinkanyadira luso langalo. Sanda ndikangotenga foni ankatuluka kukataya zinyalala, ngakhale m'bini mulibe kanthu.

Pa mapemphero okumbukira malemu a miyezi itatu ndinati galu amasanza m'galimoto. Pa miyezi isanu ndi umodzi anali ataponda botolo. Pa miyezi isanu ndi inayi kunali kotentha kwambiri. Kenako Seputembala inafika.

"Pa chaka ubwere naye," anatero a nasha. "Tikudzutsa mtanda wamwala, ndikufuna aimepo. Akasanza m'galimoto ndidzakutsukira ndine."

"A nasha, mwina..."

"Tavi, sindikufunsa."

Ndinabwerera kukhola la agalu. Njira yonse ndinkapempha chinthu chimene munthu sayenera kupempha: kuti ndikamve zoti anafa, kapena anakwera limodzi la magalimoto aja amatenga agalu kupita nawo ku Germany. Pamenepo ndikanangopeka bodza limodzi lomaliza n'kupuma.

"Ha! Bambo otola aja," anatero Rodica atangondiona. "Mwatolanso?"

"Dzina lake ndi Corbu," ndinatero. "Tsopano ali ndi zaka khumi."

Ndinamufotokozera zonse nditaima pageti pomwepo, chipewa chili m'manja. Ndinkayembekezera kuti andiseka. Atamva za manda ndi chingwe anachita chizindikiro cha mtanda.

"Galu wa pomana? Ndiye mwandisungitsa galu wa munthu wakufa miyezi khumi osandiuza, ine n'kumamuitana Lachiwiri? Bambo, muli ndi chiwindi."

"Alipo?"

"Apita kuti? Aku Germany amasankha pa zithunzi, amafuna tating'ono ta maso achisoni. Wakuda, wamkulu, wokalamba, ameneyo pachithunzi amangooneka ngati thumba la makala. Ali pa nambala folotini. Mwabwera kudzamutenga?"

"Kudzamubwereka. Loweruka lokha."

Mmene anandiyang'anira mayi ameneyo sindidzaiwala. Sanatukwane. Anangopukusa mutu pang'onopang'ono ngati waona bala lonyansa.

"Loweruka anthu ongodzipereka amabwera kudzayenda nawo agalu, ndiye ndikulembani m'gulu limenelo. Abwere isanakwane sikisi. Ndikuchitira galuyo, akaone udzu, osati inu. Ndolo yakukhutuyo musaichotse."

Ndolo imeneyo inali kapulasitiki kachikasu kolembedwa nambala, kamene amaboolera khutu la galu aliyense wolowa kumeneko. Anali atamufulanso, monga amachitira ndi onse. Loweruka m'mawa ndinamusambitsa kuseri kwa magalaja ndi sopo wa Sanda wotsukira tsitsi, ndinamupesa mpaka mkono kuwawa, ndinamudyetsa soseji theka la kilo kuti mimba itukuke. Kenako ndinatenga chodulira mawaya. Sanda anagwira mutu wa galuyo, ine n'kudula ndoloyo. Panatsala kabowo kozungulira, ndipo ndinakaphimba ndi ubweya mmene ndikanathera.

Kumudzi tinafika mapemphero a m'tchalitchi akutha, anthu akutsikira kumanda ndi mbale za tirigu wowiritsa wothira shuga ndi mtedza. Nditangotsegula chitseko cha galimoto, galu uja amene m'mawa ankayenda ngati wabwereka miyendo anadumpha n'kundikoka mpaka ndinatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Anadutsa pakati pa anthu, anagunda wonyamula lubani, n'kukaika chimutu chake pamimba pa a nasha. Mchira umene ine sindinauonepo ukugwedezeka unkakwapula masiketi a azimayi mbali zonse.

A nasha anagwada pa udzu, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu zinayi, atavala zakuda zawo zabwino. Maso awo saona bwino masiku ano, amaona ndi manja. Anayamba kumutu, n'kutsikira kumakutu. Pa khutu lamanzere zala zinaima. Zinapitirira ku nthiti, n'kuwerenga imodziimodzi pansi pa ubweya wanga wopesa bwino uja, zinatsikira ku zigongono za miyendo yakutsogolo, zinazungulira pamenepo kanthawi. Ine ndinali chilili, chingwe chili m'manja.

"Taonani bwana wa m'tauni, akununkhira ngati mkwatibwi!" anakuwa a Ilarie, oyandikana nawo nyumba a nasha, amene sasiya nthabwala ngakhale pamanda. Anawerama n'kusuzumira pansi pa mchira. "Aaa, koma katundu wapita! Tavi, m'tauni mumatero? Nawenso Sanda anakupititsa komweko?"

Anthu anaseka, ngakhale ansembe anabisa pakamwa ndi buku. Ndinayesa kuseka nawo koma zinakanika.

"Musiyeni mwana," anatero a nasha akudzuka, atagwira mtanda watsopano. "M'tauni ndi lamulo. Wamusamala bwino, nonse mukuona."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe, ndipo malo ake analidi oyenera. Ansembe anadalitsa mtandawo, tinaimba, tinakweza mbale za tirigu m'mwamba aliyense atagwira phewa la mnzake. Corbu anagona pamanda mphuno ili m'dothi, azimayi n'kumapukuta misozi, kumauzana kuti taonani nyama yadziwa mbuye wake. Wina anandisisita pamsana n'kunena kuti a Gherasim anasankha bwino.

Chakudya chinali pabwalo la a nasha, matebulo atatu aatali pansi pa mtengo wa mapeyala. Galu ndinamumanga kunja kwa geti chifukwa pabwalopo sangalowenso. Anakhala pamenepo mphuno atailowetsa pakati pa matabwa, akuyang'ana khola lopanda nkhosa. A nasha anandipatsa ine woyamba mbale ya nyama yokulunga m'masamba a kabichi, n'kundithirira okha kachasu wa mapulamu. Aliyense wodutsa ankafuna nkhani ya soseji, poti a nasha anali ataifalitsa mudzi wonse. Ndinaifotokoza katatu. Chakudyacho ndinachisiya m'mbale.

Cha m'ma folo koloko anthu atayamba kubalalika, Sanda anapita kukathandiza kutsuka mbale, ine ndinatuluka kukamasula galu. A nasha ananditsatira n'kutseka geti kumbuyo kwawo.

"Kuyambira liti?" anafunsa.

"Chiyani, a nasha?"

"Iwe, ine ndaboola makutu a nkhosa zaka makumi anayi. Bowo la ndolo ya nambala ndimalidziwa ngakhale mumdima. Zigongono izi zatha ubweya ndi simenti, si kapeti ayi. Kuyambira liti?"

"Novembala."

Anawerenga miyezi pa zala, milomo ikuyenda. Zala za manja onse awiri zinatha.

"Chisanu chonse chija," anatero.

Ndinayamba kufotokoza za masitepe, za a Zamfirescu ndi pepala lawo, za chifuwa cha Sanda. Anakweza dzanja.

"Zimenezo ndikuzikhulupirira. Ndinalakwa ndine kupatsa munthu wa m'mwamba chimbalangondo cha kuphiri, mutu sunkagwira tsiku lija. Ukanangobwera kudzandiuza, mwanawe. Tikanapita kwa ansembe, iwe n'kumupereka kwa wina m'dzina la a Gherasim, pomana n'kupitirira. Ilarie nthawi imeneyo anali ndi nkhosa, akanamulandira ndi manja awiri. Anthu akanakuseka sabata imodzi basi. Lero ndayang'ana matebulo onse atatu, palibe angatenge galu wofulidwa wa zaka khumi."

Njira inalipo, yapafupi, ndipo ine ndinailambalala kuopa kusekedwa sabata imodzi.

"Koma si zimenezo zikundiwawa," anapitiriza, mawu ali pansi kuti otsuka mbale asamve. "Nkhani zako za Lamlungu zija ukudziwa kumene ndinkapita nazo? Loweruka lililonse ndimapita kumanda ndi lubani. Ndikafukiza ndimakhala pansi n'kuwafotokozera. Gherasim, galu wako wanenepa. Gherasim, galu wako waba soseji. Ndinkaseka ndekha pakati pa mitanda ngati wamisala, ndimvekere bambowa kumeneko sali okha, akuyenda ndi galu wonenepa. Zaka makumi asanu ndi chimodzi ndakhala nawo bambo aja. Ndawatukwanapo, ndawagendapo ndi chikho, ndinawathawapo masabata awiri kupita kwa amayi anga. Koma sindinawanamizepo ngakhale tsiku limodzi. Ndadzawanamiza atafa."

Sanalire. Ndinalira ndine, bambo wa imvi, nditaima pamsewu ndi chingwe m'manja, ndipo iwo sanandiletse kapena kunditonthoza. Anawerama n'kumukanda Corbu pachifuwa.

"Pano sangalowe, ukudziwa. Ndi wako. Kumene upite naye ndi nkhani yako, sindikulamula. Koma Lachisanu undiimbire, undiuze kumene akugona, zenizeni. Loweruka ndili ndi zoti ndikakonze kumanda."

Analowa n'kutseka geti. Galuyo anafuna kuwatsatira, ndipo kuti alowe m'galimoto tinachita kumunyamula awiri, ine ndi Sanda.

Ndikanakonda kunena kuti tinapita naye kunyumba. M'njira Sanda anati, "Tiyeserenso?" koma ananena akutsokomola, maso atatupa, zenera lili pululu. Masitepe anali omwe aja, a Zamfirescu anali omwe aja, ndipo ine ndinali yemwe uja. Kukhola la agalu tinafika kutatsala mphindi khumi kuti ikwane sikisi. Rodica anayang'ana khutu, anayang'ana ine, n'kupita kukatenga ndolo ina. Pa chitseko cha nambala folotini anali atafufuta Lachiwiri n'kulembapo Corbu.

Sabata imeneyo ndinapitako katatu ndikaweruka. Ndinamupititsira bulangeti, ndinayenda naye kuzungulira fakitale ya njerwa, ndinafunsa madalaivala onse a kuntchito ngati alipo amene ali ndi bwalo. Aliyense anali ndi chifukwa, ndipo zifukwa zawo zinali zoona ngati zanga.

Lachisanu masana ndinaimika basi pamapeto a msewu, okwera onse atatsika, n'kuimba. Anayankha isanalire kawiri.

"Ali kuti?"

"Kukhola la agalu osowa eni, a nasha. Chipinda cha mawaya, pansi simenti. Ndamuikira bulangeti."

"Akudya?"

"Pang'ono. Amasiya theka."

"Alipo womutenga?"

"Palibe."

"Chabwino. Ndikawauza zonsezo, ndipo ndikapepesa." Pafonipo pankamveka wotchi ya kukhitchini kwawo. "Bambo aja akamva za galu adzafuna kumva za iwe, ankakukonda kuposa ana onse amene tinawagwirira makandulo. Ndikawauze kuti Tavi ndi munthu wotani?"

Ndinatsegula pakamwa. Iwo anadikira ndithu, sanandifulumizitse, ndipo ataona kuti yankho silikubwera anadula foni.